KASITOLO KATHU KA KAUNJIKA NDI MIKANDA M'NYENGO YA MASIKA

Mau amene mlembi wa bungwe la amai ku Karonga adalankhula pa tsiku la chikondwerero

Komiti idatituma kuti pa tsiku lalikulu la lero tifotokozeko za kasitolo kathu ka zovala za kaunjika ndi mikanda. Amai a m'madera ena akhala akutifunsa kuti, "Kodi inu a ku Karonga mumatani kuti sitolo yanu isagwe?" Tiyankha monga momwe tidziŵira, ndipo tikamba makamaka za nyengo imodzi, nyengo ya masika, kuyambira mwezi wa Epulo mpaka Juni. Tasankha nyengo imeneyi pakuti ndiyo imaweruza chaka chonse. Sitolo ikadutsa bwino masika imafika pa Khirisimasi ili moyo. Koma ikapunthwa pa masika, pofika Okutobala mumapeza chitseko chokhoma, ndipo amai amene adali pa ubale salankhulananso.

MALONDA AŴA SI ACHILENDO KUNO

Nsalu ndi mikanda zidayamba kale kuyenda pamodzi kuno kwathu. Amalonda ochokera ku nyanja yamchere ankabwera nazo kudzasinthanitsa ndi minyanga ya njovu. M'chaka cha 1884 kampani ya African Lakes idatsegula sitolo pano pa Karonga, ndipo nayonso inkagula minyanga ndi nsalu, mikanda ndi waya. Masiku amenewo adali oŵaŵa, chifukwa pa njira yomweyo pankadutsanso akapolo, mpaka pamene Mlozi adagonjetsedwa m'chaka cha 1895. Alendo amene mukufuna kumva zambiri, pitani ku nyumba yosungiramo zakale imene idatsegulidwa pa boma pano m'chaka cha 2004. Ife tikungofuna kunena kuti katundu amene agogo athu ankamuona m'manja mwa alendo, lero ali m'manja mwa amai.

KUMENE BELO LIMACHOKERA

Dzina loti kaunjika lidabwera chifukwa zovala zake amaziunjika pamulu, wogula nkumasankha yekha. Anzathu a ku Tanzania amati mitumba, a ku Zambia amati salaula. Zovalazi anthu a ku Ulaya, ku Amereka, ku China ndi maiko ena amazisiya akatopa nazo. Kumeneko amazisankha, malaya paokha, madiresi paokha, majekete paokha, nkuzitsendereza ndi makina kukhala mabelo. Belo limene ambirife timagula limalemera makilogalamu 45. Ena mwa mabeloŵa amatsika m'sitima pa Dar es Salaam, nkuyenda pa mseu kudzera ku Mbeya mpaka pa chipata cha Songwe, chimene chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera pa boma la Karonga. Ena timakapikula ku Mzuzu, kwa ogulitsa aakulu kapena ku bungwe la DAPP, limene lidayamba ntchito m'Malaŵi muno m'chaka cha 1995.

Tikukuuzani zimenezi kuti muone kuti mtengo wa belo suli m'manja mwathu. Belo limagulidwa ndi ndalama zakunja. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ulendo uliwonse mabelo adakwera nthaŵi yomweyo. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe adachita kupita ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za mitengo ya mabelo. Mu Epulo chaka chomwecho boma lathu ndi la Tanzania adasemphana pa malonda a zokolola, ndipo kwa masiku angapo malonda pa Songwe adazilala, masika ali pakati. Ngakhale maiko a kuvuma kwa Afrika adapangana m'chaka cha 2016 kuti pofika 2019 aletse kaunjika. Tanzania, Kenya ndi Uganda adabwerera m'mbuyo, koma Rwanda adalimbikira. Choncho wamalonda wanzeru sadalira khomo limodzi. Ife timasunga ubale ndi ogulitsa mbali zonse ziŵiri, ku malire ndi ku Mzuzu. Ndipo katundu wa ku malire timadutsa naye pa chipata, kulipira msonkho ndi kusunga lisiti. Kuolotsa belo pa bwato usiku kumaoneka kotchipa, koma tsiku limene lilandidwa kapena kumira, mpamba wonse wa amai wapita.

MVULA YOMALIZA

Alendo ochokera m'chigawo chapakati ndi kumwera mudziŵe kuti kuno mvula imachedwa kutha. Pamene kwanu mwayamba kuyanika chimanga, ife mu Malichi ndi Epulo timakhala tikuyang'ana mitsinje ya North Rukuru, Lufilya ndi Songwe ngati isefukire. Mdani woyamba wa sitolo m'masika ndi chinyontho. Chovala chikagona pa simenti usiku uŵiri wokha chimayamba fungo, kenaka nkhungu, ndipo banga la nkhungu pa bulauzi yoyera silichoka.

Tsono lamulo lathu ndi ili: palibe chovala chogona pansi. Tidamanga thandala lofika m'chiuno, ndipo mabelo ndi matumba zonse zimakhala pamenepo, motalikirana ndi khoma. Dzuŵa likatuluka timatulutsa katundu kuti apitidwe mphepo, koma pa mthunzi, pakuti dzuŵa la ku Karonga limasula mtundu wa nsalu msanga. Loŵeruka lililonse wogwira ntchito tsiku limenelo amasuntha zonse ndi kusesa, kuyang'ana chiswe, makoswe ndi mphemvu. Mbedza za ndolo nazo zimachita dzimbiri m'nyengo imeneyi, motero timazitsekera m'botolo louma.

KUGULA CHISANU CHISANAFIKE

Ena amaseka akamva kuti ku Karonga timagulitsa majekete, amati kwanu kotentha kuja avala ndani? Avala ambiri. Mu Juni ndi Julayi mphepo ya mwera imaomba pa nyanja, ndipo asodzi a usipa a ku Ngara, Chilumba ndi Kaporo amachezera usiku wonse pa madzi. Iwoŵa amafuna jekete lolemera, losaloŵa madzi, ndipo sasamala za mtundu wake. Ana a sukulu amafuna majuzi a m'maŵa. Anyamata a njinga zamoto amafuna jekete lotchinga chifuwa. Ndiye pali abale athu a ku mapiri, a ku Chitipa, Misuku ndi Livingstonia, kumene chisanu chimaluma ndithu. Iwo akatsikira kuno pa boma amabwerera ndi majuzi, zipeŵa ndi mabulangete.

Chinsinsi chake nchakuti belo la majekete ligulidwe mu Epulo, anthu asanayambe kulilimbirana. Mukadikira kuti mumve kuzizira pa thupi panu, ogulitsa aakulu nawonso akumva, ndipo mtengo wakwera kale. Vuto nlakuti mu Epulo ndalama zimasoŵa. Anthu sadakolole, sitolo imakhala zii, ndipo m'nyumba zathu momwe muli njala. Apa ndi pamene masitolo ambiri a magulu amafera. Amai amati, "Tiyeni tigaŵane pang'ono, tidzabweza tikakolola." Ife tidagwirizana kuti kuyambira Janyuwale mpaka Epulo palibe kugaŵana phindu. Ndalama iliyonse yoloŵa imadikira belo la chisanu. Nzoŵaŵa, koma walira mvula walira matope.

KUTSEGULA BELO

Belo lili ngati nkhuyu: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Simungadziŵe za m'kati musanadule waya. Lina mumapeza zokongola zokhazokha, lina theka lake nsanza, ndipo wogulitsa salola kubweza. Chifukwa cha ichi belo sititsegula munthu mmodzi. Pamakhala amai atatu, mmodzi wa iwo ali ndi buku. Timaŵerenga chovala chilichonse ndi kulemba chiŵerengero chake tisanachite china chilichonse. Sikuti sitikhulupirirana ai, koma tikutseka pakamwa pa miseche isanabadwe. Ndiponso membala saloledwa kudzisankhira chovala pa tsiku lotsegula. Akachifuna adikire chipachikidwe, agule pa mtengo wa aliyense.

Tikatha kuŵerenga timapanga milu itatu. Mulu woyamba ndi wa zovala zabwino kwambiri. Zimenezi timazichapa, kuzisita ndi kuzipachika, ndipo ziyenera kubweza ndalama yonse imene tidagulira belo pamodzi ndi yoyendera. Mulu wachiŵiri ndi wa zovala zapakati, ndipo m'menemo ndimo muli phindu lathu. Mulu wachitatu ndi wa zong'ambika, zothimbirira ndi zazikulu kopitirira. Zimenezi sititaya. Mmodzi wa ife ali ndi makina osokera: diresi lalikulu amalichepetsa, kapena kutulutsamo masiketi aŵiri a ana. Zotsala timadula mabatani ndi zipi, nsanza zake nkulukira zopondera pakhomo. Mukaona kuti mulu woyamba sukwanitsa kubweza mtengo wa belo, dziŵani kuti belo limenelo ndi loipa, ndipo musakagulenso chizindikiro chimenecho.

M'mulu woyamba timayang'anamo mwapadera zovala zamakedzana. Izi ndi zovala zosokedwa zaka makumi atatu kapena anai zapitazo, zimene ku Ulaya zili ndi masitolo akeake ndipo zimadula. Osankha a kumeneko amazichotsa, koma zina zimaŵapulumuka nkufika kuno. Mudzazidziŵa pozigwira. Nsalu yake ndi yolemera, ya thonje kapena ubweya weniweni. Msoko wake ndi wolimba, ndipo m'kati adasiyamo nsalu yokwanira kukulitsa. Kaŵirikaŵiri zipi yake ndi yachitsulo, mabatani ake ndi osokerera bwino. Atsikana ndi anyamata a masiku ano, makamaka a m'makoleji ndi ogwira ntchito m'maofesi, amazifuna kwambiri: majekete a jinzi, madiresi a maluŵa onga amene amai athu ankavala, masuti a ubweya. Chovala chotere musachiponye pamulu. Chipachikeni patsogolo, ndipo musachite manyazi kutchula mtengo wake.

Akuluakulu muli pano mukumbukira kuti kuyambira 1973 lamulo linkaletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, mpaka lidachotsedwa m'chaka cha 1993. Lero mabuluku a akazi ali m'gulu la zovala zoyenda msanga, makamaka m'chisanu. Ife timagulitsa zoyenera, ndipo zimene taona kuti sizipatsa ulemu sitipachika.

MIKANDA

Tsopano tinene za mikanda, imene ena amaiyesa kanthu kongokometsera sitolo. Kunena zoona mikanda ndiyo imatinyamula pamene belo latigwetsa. Belo mumagula mosaona, koma mkanda mumaupanga ndi manja anu, mukudziŵa zimene mwaikamo. Mpamba wake ndi wochepa, suola, sutha fasho msanga, ndipo mai angathe kutunga ali pakhonde madzulo atachoka ku munda.

Timapanga ya m'khosi, ya pamkono, ndolo, ndi ya m'chiuno imene amai mukuidziŵa. Imeneyi sitiyanika poyera. Imakhala m'kabokosi, ndipo mai akaifuna amanong'oneza wogulitsa. Mikanda yaing'onoing'ono yagalasi timapikula m'mapaketi ku malire kapena ku Mzuzu, pamodzi ndi ulusi wa nayiloni ndi mbedza. Zina sitigula konse. Zidutswa za chitenje zotsala kwa telala timakutira nazo mabatani aakulu a ku mulu wachitatu uja kukhala ndolo, kapena kukulunga pa zibangili. Njere zolimba za kuthengo timaziboola ndi kuzitunga pakati pa mikanda yagalasi.

Pali zinthu zitatu zimene timaphunzitsa aliyense woyamba kutunga. Choyamba, ulusi ukhale woŵirikiza, ndipo mfundo yake imangidwe katatu. Mkanda ukadukira mai pa ukwati, sadzabweranso, ndiponso adzauza anzake. Chachiŵiri, mbedza za ndolo zikhale zosachita dzimbiri, pakuti zotchipa zimatupitsa makutu. Chachitatu, poika mtengo ŵerengerani nthaŵi yanu. Amai ambiri amaŵerengera mikanda ndi ulusi basi, nkuiŵala kuti adakhala maola atatu ataŵerama. Ku sitolo kwathu wotunga amalandira gawo lake mkanda ukagulidwa, ndipo gawo lina limatsala ku bungwe.

Masika ndiyo nthaŵi yotunga, chifukwa maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka anthu akakolola, kuyambira Julayi mpaka mvula isanagwe. Operekeza mkwati amafuna mikanda yofanana, isanu kapena khumi, ndipo amaifuna msanga. Tsono m'masabata a zii a mu Epulo, pamene ogula sabwera, wokhala pa sitolo sangokhala manja lende. Amatunga. Ndiponso diresi lililonse labwino timalipachika pamodzi ndi mkanda wogwirizana nalo. Mai amene adabwerera diresi lokha kaŵirikaŵiri amatuluka ndi zonse ziŵiri.

NDALAMA ZA MPUNGA

Kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni mpunga umacha ku Hara, Wovwe, Lufilya ndi m'madambo a ku Kaporo. Mpunga wathu wa Kilombero umadziŵika dziko lonse, ndipo ogula amabwera ndi malole. Pa masabata ochepa amenewo ndalama zimayenda pa Karonga kuposa nthaŵi ina iliyonse. Bambo amagulira banja lonse zovala tsiku limodzi. Koma ndalama za mpunga zimabwera kamodzi, ndipo sizidikira munthu. Amene adagula belo lake mu Epulo, nkuchapa, nkusita, nkutunga mikanda, ndiye amazilandira. Amene ayamba kuthamangira belo mu Juni amapeza msika utatha.

M'nyengo imeneyi sitikhala pa boma pokha. Amai aŵiriaŵiri amanyamula matumba kupita ku misika ya kumidzi pa masiku ake, kufupi ndi kumene mpunga ukugulitsidwa. Amatenga katundu woŵerengedwa, ndipo madzulo amabweza ndalama ndi zotsala, zonse nkulembedwa.

Pa nkhani ya mtengo, mverani bwino amai. Mtengo wa chovala uziyang'ana belo la maŵa, osati la dzulo. Mukagulitsa potsata mtengo umene mudagulira mu Epulo, mudzaona ngati mwapindula, koma pobwerera kokapikula mudzapeza kuti ndalama zanu zonse, mpamba ndi phindu, sizikwana belo limodzi. Umu ndi momwe amalonda ambiri adagwera kumapeto kwa 2023. Ife sabata iliyonse timaimba foni kufunsa mtengo wa belo, ndipo ukasintha timakhala pansi kusintha mitengo yathu.

Ena amabwera ndi mpunga m'malo mwa ndalama. Timalandira, pakuti mpunga ukasungidwa bwino umakwera mtengo pofika Disembala. Koma timayeza ndi ndowa imodzi yodziŵika, wogula akuona, pa mtengo wa pamsika wa tsiku limenelo. Sitifinya mlimi chifukwa choti wasoŵa ndalama, popeza ambirife ndife alimi omwewo. Komanso sitilola kuti mpunga upitirire gawo limodzi mwa magawo anai a zimene tagulitsa, chifukwa wogulitsa mabelo salandira mpunga.

NGONGOLE

Tafika pa nkhani yovuta koposa. Chinyontho chimaononga chovala chimodzi, belo loipa limaononga mwezi umodzi, koma ngongole imapha sitolo ndi ubale pamodzi. Wokongola sakhala mlendo. Amakhala mnzathu wokhala naye mpando umodzi, mlamu wathu, kapena munthu waulemu amene sitingamuyang'ane m'maso pomukana. Amati, "Ndidzapereka ndikagulitsa mpunga." Mpunga ukagulitsidwa ndalama ili ndi ntchito zina, fizi, feteleza, malata. Pambuyo pake iye ayamba kulambalala njira ya ku sitolo, kenaka aleka kubwera ku misonkhano. Mwataya diresi, mwatayanso mbale.

Motero pa khoma la sitolo yathu padalembedwa kuti ngongole palibe, ndipo lamuloli silisankha nkhope, ngakhale ya wapampando kapena ya mlembi. Wogulitsa savutika kukana, amangoloza pa khoma nkunena kuti, "Pepani mai, si ine, ndi lamulo la tonse." M'malo mwa ngongole tili ndi njira yosungitsa. Munthu amapereka pang'ono, chovala timachichotsa pa chingwe ndi kulembapo dzina lake, ndipo amachitenga akamaliza kulipira, pasanathe mwezi. Ali kutali angathe kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndipo pakakhala wosoŵa weniweni, mwana wamasiye wopanda juzi kapena banja limene madzi adakokolola katundu wao, ameneyo sitimukongoza. Komiti imakhala pansi nkumupatsa ulere, ndipo zimalembedwa poyera kuti ndi mphatso. Chifundo chili ndi khomo lake, malonda ali ndi khomo lao.

BUKU

Zonse tanenazi zimagona pa kabuku kamodzi ka sukulu. Ambirife sitidapite patali ndi maphunziro, koma kulemba tsiku, chinthu ndi mtengo aliyense angathe. Tsamba lakumanzere ndi la zoloŵa, lakumanja ndi la zotuluka, ngakhale sopo wochapira, makala a m'simbi ndi chiphaso cha msika. Wogulitsa amalemba, msungichuma amaŵerenga ndalama, mlembi amafananitsa, ndipo pa msonkhano wa mwezi buku limaŵerengedwa mokweza pamaso pa onse. Kumapeto kwa Julayi, chisanu chikamatha, majekete otsala timaŵatsitsa mtengo kuti asagone chaka chathunthu. Pamenepo timayamba tachotsa mpamba wa belo lotsatira, la zovala zopepuka za chilimwe, kenaka lendi, ndipo chotsalacho ndicho phindu logaŵana ndi lothandizira ntchito za bungwe.

Amai anzathu amene mukufuna kuyamba, musadikire ndalama ya belo lathunthu. Yambani ndi mikanda. Kenaka pitani kumene ena akutsegula belo, musankhe zovala khumi zabwino, muchape, musite, mugulitse. Tsokonombwe adatha mtunda nkudumpha. Koma tsiku loyamba lomwelo gulani buku, ndipo mugwirizane za ngongole musanapachike chovala nchimodzi chomwe. Mukafuna kudzaona ndi maso, bwerani mu Epulo, pamene tikutsegula belo la chisanu. Mudzatipeza, ndipo tidzakuphunzitsani kutunga.

Mai Wapampando, mau amene komiti idatituma athera pamenepa.